DZINA LA AGNES: KUMENE LINACHOKERA NDI ZIMENE LIMATIPEMPHA

Pa 21 Januwale Mpingo umakumbukira Agnes Woyera, mtsikana wa ku Roma amene anafera chikhulupiriro. Dzina lake si lachilendo pakati pathu. Tili ndi agogo a Agnes, amayi a Agnes, ndiponso ana amene timawaitana kuti Aginesi akamathamanga pabwalo la tchalitchi. Kwathu kuno dzina limayankhula. Tikamva kuti Mphatso, Chisomo, Tadala kapena Mavuto, timadziwa msanga zimene zinali mumtima mwa makolo mwana atatuluka m'chikuta. Koma dzina la Agnes timangolitchula osamva chimene likunena, chifukwa linachokera m'chiyankhulo china. Phunziro la lero litithandize kulimva.

Tanthauzo la dzinali

Dzinali linachokera ku mawu a Chigiriki akuti hagne, amene amanena za munthu kapena chinthu choyera, chosadetsedwa, chopatulidwira Mulungu. Likanakhala la Chichewa, mwina tikanati Woyera kapena Chiyero.

Akhristu a ku Roma ankayankhula Chilatini, ndipo m'Chilatini mwana wa nkhosa amatchedwa agnus. Mawu awiriwa, hagne ndi agnus, alibe chibale, amangofanana kamvekedwe. Komabe anthu akamva Agnes ankaganiza za kamwana ka nkhosa, ndipo ankakumbukira Yesu amene Yohane Mbatizi anamutcha Mwanawankhosa wa Mulungu, monga timamva pa Yohane 1:29. N'chifukwa chake pa zithunzi zambiri Agnes Woyera amaoneka atanyamula kankhosa, ndipo m'dzanja lina ali ndi nthambi ya kanjedza, chizindikiro cha ofera chikhulupiriro.

Motero dzinali lili ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndi kuyera, ndipo ili n'lochokera m'chiyankhulo. Lachiwiri ndi mwana wa nkhosa, ndipo ili linabadwa m'chikhulupiriro cha Akhristu. Loyamba limayankhula kwa mwini dzina. Lachiwiri limayankhula kwa ife amene timamulera.

Mtsikana amene anatchukitsa dzinali

Mwambo wa Mpingo umati Agnes anaphedwa cha m'ma 304, pa nthawi ya mazunzo amene mfumu Diocletian inayambitsa m'chaka cha 303. Anali wamng'ono kwambiri. Ambrose Woyera, episkopi wa ku Milan, analemba m'chaka cha 377 kuti anali ndi zaka 12, pomwe Augustine Woyera anati 13. Masiku ano akanakhala mtsikana wa Sitandade 6 kapena 7.

Nkhani imene Akhristu akhala akufotokozerana imati Agnes anali wa m'banja lolemekezeka, ndipo anyamata a m'mabanja olemera ankamufuna ukwati. Iye anakana, ponena kuti anali atadzipereka kale kwa Khristu. Okanidwawo anapsa mtima nakamunenera kwa akuluakulu a boma kuti ndi Mkhristu. Anamunyengerera, kenako anamuopseza, koma sanasinthe. Anamutengera kumalo ochititsa manyazi pofuna kumunyazitsa, ndipo pomaliza anamupha ndi lupanga.

Chimene chinadabwitsa Ambrose Woyera ndi msinkhu wake. Ana a msinkhu umenewo amalira akangowayang'ana ndi nkhope yaukali, koma uyu anaima nji pamaso pa anthu onyamula zida. Malamulo a nthawiyo sakanamulola kukhala mboni m'bwalo la milandu chifukwa cha ubwana, komabe anakhala mboni ya Khristu.

Agnes anaikidwa m'manda m'mbali mwa msewu wotchedwa Via Nomentana, kunja kwa malinga a mzinda wa Roma. Kalendala ya Mpingo wa ku Roma ya m'chaka cha 354 inali italemba kale tsiku lake, 21 Januwale. Constantina, mwana wamkazi wa mfumu Constantine, anamangitsa tchalitchi pafupi ndi mandawo. Papa Damasus, amene anatsogolera Mpingo kuyambira 366 mpaka 384, analembetsa mawu omutamanda pa mwala umene ulipo mpaka lero. Tchalitchi chimene chili pamwamba pa manda ake tsopano chinamangidwa ndi Papa Honorius Woyamba m'zaka za m'ma 600. Mumzinda momwemo, pa bwalo la Piazza Navona, pali tchalitchi china pamalo pamene amati anaphedwerapo.

Ulemu waukulu koposa uli mu Misa. Wansembe akagwiritsa ntchito Pemphero Loyamba la Ukaristia, amatchula dzina la Agnes pamodzi ndi akazi ena oyera monga Felicity, Perpetua, Agatha, Lucy, Cecilia ndi Anastasia. Tsiku lina mudzatchere khutu pa nthawi imeneyi. Mwana wa zaka 12 akutchulidwa paguwa pamodzi ndi atumwi.

Nkhosa ziwiri za pa 21 Januwale

Ku Roma kuli mwambo wakale wodalitsa tiana tiwiri ta nkhosa pa chikondwerero cha Agnes Woyera. Asisiteri a chipani cha Benedict Woyera a ku tchalitchi cha Cecilia Woyera ku Trastevere amasamala tinkhosato, ndipo ubweya wake umagwiritsidwa ntchito poluka chovala chotchedwa pallium. Ndi kansalu koyera, kopapatiza, kokhala ndi mitanda 6 yakuda, kamene kamavalidwa pamapewa. Papa amadalitsa zovalazi pa 29 Juni, tsiku la Petro ndi Paulo Oyera, ndipo zimaperekedwa kwa maepiskopi aakulu otsogolera zigawo za Mpingo. Kuno ku Malawi amene amavala ndi maepiskopi aakulu a Blantyre ndi Lilongwe.

Ubweya pamapewa a episkopi umakumbutsa mbusa amene wasenza nkhosa yotayika, monga m'fanizo la pa Luka 15. Tikaona chovala chimenechi, tikumbukire kuti chinayambira pa tsiku la mtsikana wamng'ono, ndipo chimauza mbusa kuti ofooka ndiwo katundu wake woyamba.

Mmene dzinali linafalira

Chifukwa cha Woyerayu, dzinali linafika kulikonse kumene Uthenga Wabwino unafika, ndipo mtundu uliwonse unalitchula mwa lilime lake. Ku Italy amati Agnese, ku France Agnès, ku Poland Agnieszka, ku Spain Inés, ndipo ku Portugal Inês. Choncho abale athu a ku Mozambique otchedwa Inês ndi a dzina limodzi ndi a Agnes a kuno. Ku England, m'zaka za m'ma 1500, linali limodzi mwa maina ofala kwambiri a akazi. M'zaka za m'ma 1900 linayamba kuzilala m'maiko ambiri a ku Ulaya chifukwa anthu ankaliona ngati la agogo, koma posachedwapa layambanso kukondedwa ku Denmark ndi ku Sweden.

Akazi ena oyera analitenganso. Mng'ono wake wa Clare Woyera wa ku Assisi ankatchedwa Caterina, ndipo atalowa moyo wa usisiteri analandira dzina la Agnes. Agnes wa ku Bohemia, mwana wa mfumu, anasiya maukwati achifumu namanga chipatala cha osauka ku Prague. Papa John Paul Wachiwiri analengeza kuti ndi woyera mu 1989. Agnes Lê Thị Thành wa ku Vietnam anali mayi wapabanja wa ana 6, ndipo anafera m'ndende mu 1841 chifukwa chobisa ansembe pa nthawi ya mazunzo. Mayi Teresa wa ku Calcutta, amene anabadwira ku Skopje mu 1910, dzina lake la ubatizo linali Anjezë, lomwe ndi Agnes m'chiyankhulo cha ku Albania. Apa tikuona namwali, msisiteri, mwana wa mfumu ndi mayi wa ana. Dzinali si la anamwali okha ayi.

Kwa ife Akatolika a kuno, dzinali linabwera kudzera mu ubatizo, kuyambira pamene ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901 ndi a White Fathers ku Mua mu 1902. Obatizidwa ankalandira maina a oyera, ndipo agogo ankasiyira adzukulu maina awo, mpaka dzina lochokera kutali linakhala lathu.

Kuyera kumene dzinali limanena

Tikamva mawu oti kuyera, ambiri timangoganiza za thupi. Kuyera kwa Agnes kunayambira mumtima. Anali atasankha mwini wa moyo wake, ndipo sanalole kuti chuma kapena mantha zigawe mtima wakewo pawiri. Ichi n'chimene Yesu amatanthauza pa Mateyo 5:8 pamene akulonjeza oyera mtima kuti adzaona Mulungu. Mtsikana wa kusukulu amene wakana foni ndi ndalama za bambo wamkulu ali pa njira ya Agnes. Mayi wa pamsika amene sabera pa sikelo ali pa njira yomweyo. Namwino amene sapempha kangachepe kwa wodwala nayenso ali pomwepo.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchinena momveka, chifukwa pakati pathu pali ena amene nkhani ya Agnes imawapweteka. Mtsikana amene anagwiriridwa sanataye kuyera kwake. Augustine Woyera, m'buku lake lonena za Mzinda wa Mulungu, anatonthoza akazi achikhristu amene anachitiridwa nkhanza mzinda wa Roma utalandidwa mu 410. Anaphunzitsa kuti zimene wina wachita pa thupi lako mokukakamiza sizingachotse kuyera kwa mtima umene sunavomere. Tchimo ndi manyazi ndi za wochitayo. Mwana wathu wotere tisamutonze, tisamubise, ndiponso tisakambirane za chindapusa kuseri. Timuthandize kufika kuchipatala ndi kupolisi, ndipo tipitirize kumuitana ndi dzina lake mwaulemu.

Udindo wa makolo ndi ankhoswe a ubatizo

Tanthauzo lachiwiri lija, la mwana wa nkhosa, likutiyang'ana ife akuluakulu. Kamwana ka nkhosa sikatha kudziteteza kwa fisi. Agnes anaima yekha pamaso pa anthu amphamvu, ndipo timamutamanda. Koma sitimupatsa mwana dzinali kuti nayenso adzaime yekha.

M'midzi ndi m'matauni mwathu mudakali atsikana a msinkhu wa Agnes amene akusiyitsidwa sukulu ndi kukwatitsidwa chifukwa cha umphawi, njala kapena mimba. Nthawi zina amene akukonza zimenezi ndi amalume ndi azakhali amene amakhala nafe pa benchi limodzi mu Misa. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mpingo nawo umaphunzitsa kuti ukwati umamangidwa ndi kuvomera kwaufulu kwa awiriwo, ndipo malamulo ake amati ukwati umene munthu walowa chifukwa chokakamizidwa kapena kuopsezedwa kwambiri si ukwati weniweni. Sitingaimbe nyimbo zotamanda Agnes amene anakana, kwinaku tikutseka makutu mwana wathu akamakana.

Pa ubatizo, funso loyamba limene wansembe amafunsa makolo ndi la dzina la mwana. Malamulo a Mpingo amapempha makolo, ankhoswe ndi bambo mfumu kuonetsetsa kuti dzinalo lisatsutsane ndi chikhristu. Salamula kuti likhale lachizungu. Chisomo ndi Chikondi ndi maina abwino achikhristu. Koma mukasankha dzina la woyera, mwamupatsa mwanayo nkhoswe kumwamba ndi chitsanzo pansi pano. M'mera mpoyamba: muuzeni mbiri ya dzina lake akadali wamng'ono, kumbukirani naye tsiku la woyera wake ngakhale ndi pemphero lamadzulo lokha, ndipo inu ankhoswe musathere pa kujambulitsa chithunzi tsiku la ubatizo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana m'Miphakati

1. Kodi ana athu akudziwa tanthauzo la maina awo a ubatizo? Nanga ife tikudziwa la athu?

2. Mu Mphakati mwathu, mtsikana amene akuopsezedwa kapena kukakamizidwa ukwati angathawire kwa yani? Kodi atsikanawo akumudziwa munthu ameneyo?

3. Ndi mtsikana uti amene anasiya sukulu m'dera lathu amene tingamuthandize kubwerera chaka chino?

Pemphero

Mulungu Atate, munapatsa mphamvu Agnes Woyera akadali mwana kuti akhale wanu mpaka imfa. Dalitsani onse otchedwa ndi dzina lake. Chiritsani atsikana amene anavulazidwa, ndipo ife makolo, ankhoswe ndi abusa mutipatse mtima wosamala nkhosa zanu zazing'ono. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Agnes Woyera, mutipempherere.