Kodi mabakiteriya a m'matumbo a ziweto ndi ofanana ndi athu?

Funso: Ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo pakhomo ndimaweta nkhuku ndi mbuzi. Kodi mabakiteriya a m'matumbo mwa ziwetozi ndi amodzimodzi ndi athu?

Yankho: Ayi, ambiri ndi apachibale koma safanana ndendende. Mabakiteriya akakhalitsa mwa cholengedwa chimodzi, majini awo amasintha. Amasunga amene akuwathandiza kukhala mmenemo, ena n'kumafa. Mwachitsanzo, bakiteriya wotchedwa Lactobacillus reuteri ali ndi mafuko osiyana, lina la makoswe, lina la nkhumba, ndipo lochokera mwa munthu limavutika kukhazikika mwa mbewa.

Chitsanzo chachikulu chili pafupi nanu, ku Blantyre. Mu 2009 asayansi anafalitsa zomwe anapeza pa bakiteriya wotchedwa Salmonella Typhimurium wa mtundu wa ST313, wotengedwa m'magazi a mwana wodwala kumeneko. Kumaiko ena Typhimurium nthawi zambiri amangotsegulitsa m'mimba, koma uyu amalowerera m'magazi, makamaka mwa ana odwala malungo kapena onyentchera komanso akulu omwe ali ndi HIV. Majini ake ena anawonongeka, monga zilili ndi kachilombo ka taifodi komwe kamakhala mwa anthu okha.

Komabe musatayirire ndi zitosi za nkhuku: bakiteriya wotchedwa Campylobacter amachoka m'menemo n'kudwalitsa mwana wokwawa pabwalo.