Kutsitsimutsa Sitima Yakale ya LEGO Yopezeka pa Salaula

Munthu wa ku Kafue sadabwa ndi sitima. Njanji ya Zambia Railways imadutsa m'tauni momwemo, ndipo mlatho wake wachitsulo wakhala ukuwoloka mtsinje wa Kafue kuyambira mu 1906. Koma pali tisitima tina timene timafika mwakachetechete m'mabelo a salaula, titasakanikirana ndi zidole zoduka mikono. Ndi ta LEGO, kampani ya ku Billund m'dziko la Denmark. Wogulitsa amangoona mulu wa tinjerwa ta pulasitiki, pomwe osonkhanitsa zakale kunja amalimbirana zidutswa zomwezo. Mukakumana nazo pamsika wa ku Kafue kapena ku Soweto mu Lusaka, chitani izi.

Yambani ndi kutsimikiza kuti ndi LEGO yeniyeni. Pamwamba pa kamutu kalikonse kozungulira ka pa tinjerwato pamakhala dzina la kampaniyo m'tizilembo tating'ono kwambiri. Yang'anani padzuwa. Ngati timitu tili tosalala, ndi zongotsanzira, ndipo ana aseweretse ndithu koma musalipire mtengo wa chinthu chakale.

Kenako fufuzani njanji, chifukwa ndi zimene zimaulula msinkhu wa sitima. Anthu ambiri amathamangira mutu wa sitima poti ndi wokongola, n'kusiya njanji pamulu. Kumeneko ndi kulakwitsa. Njanji zabuluu, zobwera imodziimodzi, ndi za m'zaka za 1966 mpaka 1979. Zotuwa zomangika chimodzimodzi zinayamba mu 1980. M'nyengo ziwirizi munali mitundu iwiri ya mphamvu. Wina unali wa 4.5V, woyendera mabatire atatu onyamulidwa m'bogi yakeyake. Wina ndi wa 12V, umene unayamba mu 1969, ndipo umadziwika ndi tizitsulo tiwiri toyalidwa pakati pa njanji momwe mumadutsa magetsi. Mu 1991 kunabwera za 9V: njanji youmbidwa pamodzi ndi mitanda yake, chitsulo chonyezimira chitakuta pamwamba. Zimenezi anasiya kupanga cha m'ma 2007, n'chifukwa chake osonkhanitsa amazifunafuna. Njanji zopangidwa pambuyo pake ndi pulasitiki yokhayokha, ndipo sitima zake zinabwereranso ku mabatire. Ubwino wake, kutalikirana kwa njanji sikunasinthe, choncho mabogi a nyengo ina amayenda pa njanji za nyengo ina.

Mukadziwa nyengo, pindani malaya mufufuze mulu wonse. Mota, kabokosi kolemera kokhala ndi mawilo anayi kapena asanu ndi limodzi, ndiyo imakhala ndi mtengo kuposa zonse. Tolaninso timaginito tolumikizira mabogi, mawilo, zitseko, mawindo, nthambo ndi kabuku ka malangizo ngakhale katang'ambika. Pakanjerwa kena kapena pachikuto pangakhale nambala ya seti. Ya 7740 ndi sitima yonyamula anthu yofiira ndi yachikasu ya mu 1980, pomwe 4558 ndi Metroliner yotuwa ya mu 1991. Gulani mulu wonse pamtengo umodzi m'malo mosankha kamodzikamodzi, chifukwa kachidutswa komwe mwasiya lero mawa simudzakapeza. Ndipo musaonetse chimwemwe pankhope musanamalize kunenerera.

Kunyumba, patulani zamagetsi ndi zomata mapepala kuti zisakhudze madzi. Zotsalazo zinyikeni m'beseni la madzi ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 40, ndi sopo wotsukira mbale, kenako tsukani ndi mswachi wakale. Yanikani pamthunzi. Dzuwa la mu Okutobala la ku Kafue limasandutsa zoyera ndi zotuwa kukhala zachikasu, ndipo kutentha kumapinda pulasitiki. Njanji zabuluu ndi zotuwa muzizichotsa pamitanda yake mofatsa, poti pulasitiki yokalamba imathyoka mosachenjeza.

Pa zamagetsi ndi pomwe sitima zambiri zimafera, choncho apa tichedwepo. Tsegulani bogi ya mabatire. Mukapeza zoyerayera zouma pa tizitsulo, ndiye kuti batire linatayikira mkati zaka zapitazo. Pukutani ndi thonje lonyowetsa viniga pang'ono, muumitse bwino, kenako yesani ndi mabatire atsopano. Njanji za 9V ndi mawilo a mota yake zipukuteni ndi kansalu konyowetsa sipiriti. Musayese kukwecha ndi sandipepa kapena sitiluwulu, chifukwa chitsulocho n'chopyapyala ndipo chikakalika chimakoka litsiro msanga. Onaninso timphira tovekedwa kumawilo a mota. Tikauma n'kusweka, mota imalira bwinobwino koma sitima imangoterereka pamalo amodzi, mwiniwake n'kumaganiza kuti yafa.

Musanalowetse pakhoma thiransifoma ya sitima za 12V kapena 9V, werengani zolembedwa pansi pake. Magetsi a ZESCO ndi a 230V. Thiransifoma yochokera ku Britain kapena Germany imagwirizana nawo, kungosintha pulagi ngati siikulowa, koma yochokera ku America ndi ya 120V ndipo ipsa nthawi yomweyo. Nthambo ikakhala yong'aluka, isinthidwe kaye. Mota ya 4.5V musaipatse mphamvu ya 12V poyesa mwayi. Ndipo magetsi akazima, chotsani pulagi, poti amatha kubwerera ndi mphamvu yoposa muyeso.

Zidutswa zosowa musazimate ndi guluu kapena kupaka penti pofuna kubisa. Osonkhanitsa amakana seti yotero, ndipo ali ndi chifukwa: guluu sachoka. Lembani nambala ya seti pa BrickLink, msika wa pa intaneti umene LEGO inagula mu 2019, ndipo muona mndandanda wa zidutswa zonse za setiyo ndi mitengo imene ena agulitsira posachedwa. Musanaitanitse kanthu, werengerani ndalama zotumizira kudzafika ku Zambia, chifukwa nthawi zambiri zimaposa mtengo wa kachidutswako. N'kwanzeru kulemba zonse zosowa n'kuitanitsa kamodzi kwa wogulitsa mmodzi.

Posunga, chotsani mabatire, ikani zidutswa m'zigubu zotseka bwino kutali ndi zenera, ndipo kabuku kakhale m'pulasitiki pomwe chiswe ndi chinyezi cha dzinja sizifika. Ngati pakhomo pali ana osakwana zaka 3, timaginito ndi tizidutswa tating'ono tikhale pamwamba pa kabati.