Phunziro la Lachisanu: Chaka cha Ligi kwa Timu ya Kunyanja

Ana inu, tsekani mabuku, koma makope akhale otsegula ndipo mapensulo akhale m'manja, chifukwa lero tiwerengera ndithu. Mawa Loweruka timu ya kwathu kuno ili ndi masewero a ligi pabwalo la sukulu yathu yomwe ino, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu mukhala mutakhazikika kale pamthunzi dzuwa lisanapendeke. Ndikufuna mukaonere mpirawo mukudziwa chimene anyamatawo akulimbirana, pakuti masewero a mawa ndi kachidutswa chabe ka ulendo umene unayamba mvula itangoleka ndipo udzatha mvula ina ili pafupi.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza: bonanza, chikho ndi ligi. Bonanza nonse mumaidziwa. Matimu anayi, masiku awiri, opambana n'kutenga mbuzi, yunifomu kapena kandalama, Lolemba aliyense wabwerera ku zake. Chikho chimayenda m'ndime: mukagonja kamodzi mwatuluka, kaya munasewera bwino chotani. Kukoma kwake n'kwakuti timu yaing'ono ikhoza kugwetsa yaikulu. Chikho cha Castel, chimene chinayamba mu 2023, chimayambira m'maboma momwe muno, kotero timu ya ku Chipoka kapena ya kwa Khombedza italimba ikhoza kudzapezeka ikuyang'anizana ndi Silver Strikers kapena Big Bullets. Ligi ndiye ina. Mu ligi timu iliyonse imakumana ndi inzake iliyonse kawiri, kamodzi pakhomo, kamodzi koyenda. Palibe tsiku limodzi limene lingakupatseni ukatswiri. Imafuna timu yopezeka pabwalo sabata ndi sabata, yokwana, yokonzeka, ndipo apa ndi pamene matimu ambiri a m'mbali mwa nyanja amagwera, ngakhale anyamata ake sachepa luso.

Lembani. Tiyerekeze kuti ligi ili ndi matimu 10. Timu iliyonse ili ndi anzake 9 oti ikumane nawo, ndipo poti ndi kawirikawiri, masewero onse ndi 18. Kupambana ndi mapointi 3, kufanana mphamvu ndi pointi imodzi, kugonja palibe kanthu. Tsopano tengani matimu awiri amene asewera masewero 10 iliyonse. Yoyamba yapambana 5, yagonja 5. Yachiwiri yapambana 3, yafanana mphamvu 6, yagonja kamodzi kokha. Werengerani. Yoyamba ili ndi mapointi 15. Yachiwiri, 9 kuphatikiza 6, ndi 15 yomweyo. Mwaona? Timu imene yagonja kamodzi yakhala mpando umodzi ndi imene yagonja kasanu.

Kale sizinali choncho. Kupambana kunali mapointi 2, ndipo mukawerengera mwakalemo mupeza kuti yoyamba ija ikanakhala ndi 10, yachiwiri 12. Ku England anasintha mu 1981, mpikisano wa dziko lonse lapansi unatengera mu 1994, ndipo lero pafupifupi ligi iliyonse imayenda motero. Anasintha dala, kuti timu isamangodzaza anthu kumbuyo n'kumadikira wezulo yomaliza. Ine ndimagwirizana nako kusinthaku. Pakhomo, pamaso pa anthu anu, sakani mapointi atatu. Koyenda, pabwalo lachilendo, mutatopa ndi ulendo, pointi imodzi siyonyozeka ayi.

Matimu akafanana mapointi, amayang'ana kusiyana kwa zigoli: zimene mwamwetsa, kuchotsapo zimene mwamwetsedwa. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona anyamata atamwetsedwa zitatu ayamba kuyenda m'bwalo manja ali m'chiuno. Chigoli chachinayi ndi chachisanu chimene akulola mwaulesicho chidzawapeza mu Novembala, pamene timu ziwiri zidzakhale zofanana mapointi ndipo imodzi iyenera kutsika. Palinso china. Mumva ochemerera akunena kuti tili pambuyo koma tili ndi masewero awiri m'manja. Masewero osasewera si mapointi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Nanga timu ikapambana ligi ya m'boma imapita kuti? Mpira wa m'dziko muno uli m'manja mwa bungwe la FAM, limene linakhazikitsidwa mu 1966. Pansi pake pali mabungwe a m'zigawo, ndipo ife a Salima tili pansi pa la chigawo chapakati, limene ligi yake yakhala ikudziwika kwa zaka zambiri ndi dzina la Chipiku. Pamwamba penipeni pali ligi yaikulu ya dziko, ya matimu 16, iliyonse masewero 30 pachaka, ndipo atatu otsalira kumunsi amatsika. Makwererowa ndi aatali, koma alipo, ndipo amayambira pabwalo lafumbi ngati lathuli. Boma lathu lino lili ndi timu yake pamwambapo, MAFCO, ya asilikali a ku koleji ya usilikali kuno ku Salima. Koma taganizani: kwa zaka zambiri masewero ake apakhomo yakhala ikusewerera pabwalo la Chitowe ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Timu ya kwathu, koma kuti muione ili pakhomo muyenera kukwera galimoto ulendo wautali mumsewu wa M5. Bwalo lovomerezeka limafuna mpanda, udzu wosamalidwa, zipinda zovalira ndi chitetezo cha oyimbira. Ena a inu mudzakhala makhansala ndi aphungu. Nkhani ya bwaloyi mudzaikumbukire.

Tibwerere kwa anyamata athu, pakuti apa ndi pamene pali nkhani. Timu ya m'tauni imadandaula za malipiro. Yathu ilibe malipiro oti idandaule nawo. Wosewera aliyense ali ndi ntchito imene imamudyetsa, ndipo kwa ambiri ntchitoyo ili panyanja. Pitani kudoko la Senga Bay chakumadzulo mwezi uli kumdima. Mupeza anyamata akukankhira mabwato a nyali m'madzi, ena akulongedza chilimira m'boti, wina akuthira mafuta mu injini. Usiku wonse akhala akukoka ukonde wa usipa. M'bandakucha akocheza, zikhatho zitatupa ndi zingwe, maso ali psuu, msana utauma, ndipo asanagone ayenera kudikira kuti nsomba zigulidwe, alandire gawo lawo. Mmodzi wa iwo ndi goloboyi wathu. Wina ndi uja wotchinga kumbuyo amene mumamukuwiza akachedwa kutembenuka. Pofika 3 koloko masana munthu yemweyo akuyenera kuthamanga mphindi 90.

Usipa umatsata nyali mumdima. Mwezi ukawala kwambiri nyali imachepa mphamvu, mabwato ambiri amagona kumtunda, ndipo anyamata amagona tulo m'nyumba zawo. Mphunzitsi wa timu wanzeru akalandira ndandanda wa masewero amauyika pambali pa kalendala yosonyeza mwezi. Amadziwiratu kuti Loweruka lakuti adzakhala ndi timu yopuma, Loweruka linalo adzakhala ndi anthu ochokera m'madzi, ndipo amakonzeratu oti adzalowe m'malo mwawo. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumabwera mwera. Masiku ena umatsekereza asodzi kumtunda, zimene zimakomera timu, koma nsomba zikasowa anyamata ena amasamuka kutsata kumene zikuphedwa, ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, ndipo womwetsa zigoli wanu akhoza kusowa mwezi wathunthu. Mvula ikayandikira, a kumtunda nawo mitima ili kumunda, a ku Lifuwu ali kumpunga. Mwezi wa Ramadan ukagwa m'kati mwa ligi, anyamata achisilamu amasewera ali pa kusala, ndipo mphunzitsi ayenera kudziwa woti amupumitse chigawo chachiwiri.

Choncho timu ya kunyanja singadalire anthu 11. Iyenera kulembetsa anyamata ochuluka, osakaniza: asodzi, alimi, akabaza, ana a sekondale, kuti nyanja ikatenga ena, ena atsale. Malamulo a mpira amati timu ikachepera osewera 7, masewero sangayambe kapena kupitirira. Ndipo timu ikalephera kufika pabwalo, mapointi atatu amapita kwa anzawo osakhetsa thukuta. Mukadzafufuza matimu amene amatsika m'maligi a m'maboma, mudzapeza kuti ena sanagonjere pabwalo. Anagonjera pamsewu, akudikira lole imene sanailipire.

Anthu akachepa pamabwera yesero limene ndikufuna mulidziwe msanga: osewera aganyu. Mkulu wa timu amatumiza uthenga kwa mnyamata wa timu ina, amupatsa kandalama, amuveka jezi ya mnzake, alowa pa dzina la wina. Mwina apambana tsikulo. Koma anzawo akadandaula ku komiti, chiphaso cha wosewera n'kuonetsa nkhope ina, mapointi amalandidwa patebulo. Choipa kwambiri n'chakuti mnyamata amene wakhala akubwera kokonzekera masiku onse amakhala panja kuonerera mlendo atavala nambala yake. Sabata yotsatira sabweranso, ndipo ine sindingamudzudzule.

Ndalama za timu yotere n'zochepa, koma zimafuna kope. Pabwalo lopanda mpanda simungalipiritse pakhomo. Mbale imazungulira, wa golosale aponyamo, mwini boti aponyamo, amayi a zitumbuwa aponyamo. Ndalamazo ndi za galimoto, za oyimbira, za mpira, za sopo wochapira yunifomu. Msungichuma alembe chilichonse ndipo aziwerenga poyera pamsonkhano, chifukwa timu zambiri zimasweka pa nkhani ya ndalama zosaoneka mutu wake. Ndinenenso mosabisa za ndalama zimene zimapita kwa asing'anga. Mwaonapo timu ikukana kulowera polowera anthu onse, kapena munthu akuwaza zinthu pagolo masewero asanayambe. Ndalama imeneyo ikanagula madzi akumwa ndi chakudya cha anyamata. Kuno ku Salima mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, mchenga umawotcha mapazi, ndipo wosewera amene sanamwe madzi okwanira amayamba kukokana minofu chigawo chachiwiri chili pakati. Zikatero anthu amati amulodza, chonsecho ndi ludzu. Madzi amwedwe kuyambira m'mawa, osadikira kupuma kwa pakati.

Za oyimbira ndinena mwachidule. Mkangano waukulu pabwalo lathu umabuka pa ofusayidi, ndipo ambiri okuwa salidziwa lamulolo. Wosewera amaonedwa pamene anali panthawi imene mnzake amamenya mpira, osati pamene waulandirira. Ngati nthawi imeneyo anali m'chigawo cha adani, ali pafupi ndi mzere wa golo kuposa mpira komanso kuposa wachiwiri kwa womaliza wa adaniwo, ndiye walakwa akangolowerera m'sewerolo. Pa mpira woponya ndi manja, pa kona, ndi pa mpira woyambira kugolo, ofusayidi palibe. Woyimbira ndi munthu, amaphonya. Koma mwala umodzi woponyedwa ndi wochemerera ukhoza kutseketsa bwalo, timu n'kumasewerera kutali masewero amene anali apakhomo, ndalama za galimoto n'kuwirikiza. Mwana wa sukulu ino asapezeke m'gulu limenelo.

Musaganize kuti mchenga wathuwu ndi tsoka lokhalokha. Mwana wokulira pagombe akusewera chikulunga wopanda nsapato amakhala ndi miyendo yolimba ndipo amaphunzira kuugwira mpira m'mwamba, poti pamchenga sugudubuzika bwino. Pali mpira wake wa pamchenga, wa anthu asanu mbali iliyonse, zigawo zitatu za mphindi 12, ndipo timu ya dziko lathu inakafika ku mpikisano wa Africa wa mpirawu ku Vilankulo m'dziko la Mozambique mu 2022. Atsikana inunso tcherani khutu. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa anachokera ku Rumphi, kumudzi ngati kuno, ndipo lero dziko lonse lapansi likuwadziwa. Bwalo lili panjali ndi lanunso.

Tsono za mawa. Mwezi uli kumdima sabata ino, kutanthauza kuti ena mwa anyamata athu agona panyanja usiku uno. Yang'anani mmene mphunzitsi ayambire: kodi asodziwo awayambitsa onse, kapena ena awasunga kuti alowe chigawo chachiwiri? Malamulo a masiku ano amalola kusintha osewera mpaka asanu ngati mpikisano wavomereza, ndipo kwa timu ngati yathu umenewo ndi mwayi waukulu. Yang'ananinso mphepo. Akaputeni akamaponyerana ndalama pakati pa bwalo, onani ngati wathu asankhe kuyamba ndi mphepo kumsana kapena kuisungira chigawo chachiwiri pamene miyendo yalema. Ndipo mphindi 15 zomaliza musayang'ane mpira wokha. Yang'anani amene akubwererabe kudzatchinga ndi amene wayamba kuyenda.

Ntchito yanu ndi iyi. Gawanani m'magulu a anthu anayi. Gulu lililonse lilembe mphindi imene chigoli chilichonse chalowa, makhadi achikasu ndi ofiira, ndi nthawi imene wosewera aliyense wasinthidwa. Mukafunse kwa mlembi wa timu zotsatira za masewero ena a sabata ino, mwaulemu, masewero atatha. Lolemba m'mawa tidzajambula tebulo lonse la ligi pabolodi, mapointi ndi kusiyana kwa zigoli, ndipo gulu lililonse lidzatiwerengera mapointi amene timu yathu ikufunika pa masewero otsala kuti imalize m'matimu atatu apamwamba.