Liwu Loti "Department": Tanthauzo Lake ndi Ntchito Yake pa Chipatala

Munthu wa m'chigwa cha Domasi akadwala, kawirikawiri amayamba wapita ku chipatala chaching'ono chapafupi kapena ku Domasi Rural Hospital. Matenda akakula amamulembera kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu cha Zomba, mtunda wosakwana makilomita 20. Kumeneko ndiko ambiri amasokonezeka. Nyumba n'zambiri, makomo ndi ochuluka, ndipo zikwangwani zambiri n'zolembedwa m'Chingerezi. Pa zikwangwanizo pali liwu limodzi limene limaonekaoneka, ndilo Department, limene nthawi zina amalifupikitsa kuti Dept. Phunziro la mwezi uno likunena za liwu limeneli, pakuti wodwala amene akulimvetsa sataya nthawi pa mzere wolakwika, ndiponso sabwerera kumudzi asanalandire chithandizo.

Tanthauzo lake

Department ndi gawo limodzi la chinthu chachikulu, gawo limene lapatsidwa ntchito yakeyake, antchito akeake ndiponso mkulu woliyang'anira. M'Chichewa timati nthambi kapena gawo, ndipo ambiri amangoti dipatimenti. Pa mawu atatuwa, loti nthambi ndilo likulongosola bwino koposa. Nthambi siimera payokha ayi. Imaphuka pa thunthu, ndipo ngakhale ibale zipatso zakezake, madzi imamwera ku mizu imodzi ndi nthambi zinzake. N'chimodzimodzinso dipatimenti. Siingakhalepo popanda chipatala, sukulu, kampani kapena unduna umene yaphukapo.

Angerezi nawonso liwuli adachita kubwereka. Adalitenga ku Chifalansa, kumene lidachokera ku mneni wotanthauza kugawa. Mukaliyang'anitsitsa muona kuti m'kati mwake muli kaliwu koti part, ndiye kuti mbali kapena chidutswa. Mu 1790 dziko la France lidagawidwa m'zigawo 83 zimene adazitcha dzina lomweli, ndipo mpaka lero zigawo zotere kumeneko zimatchedwa choncho.

Potchula, liduleni patatu: di-pat-ment, mukutsindika phatikizo lapakati. Chilembo r sichimveka m'katchulidwe ka ku Britain kamene timatsata m'sukulu zathu. Madipatimenti akakhala awiri kapena kuposerapo amawonjeza s kumapeto, n'kukhala departments. Musalisokoneze ndi liwu loti departure limene mungalione pa bwalo la ndege la Chileka. Ilo likunena za kunyamuka kwa apaulendo.

Nthambi za boma zimene tili nazo pafupi

Kuno ku Malawi, pamwamba pamakhala unduna, umene amautsogolera ndi nduna, ndipo pansi pa unduna pamakhala nthambi zosiyanasiyana. Anthu a ku Domasi sasowa kupita kutali kuti aone zimenezi. Maiwe a nsomba a boma amene ali pa Domasi ali m'manja mwa Department of Fisheries, nthambi ya usodzi. Nkhalango ya m'mapiri a Zomba ndi Malosa, kumene mtsinje wa Domasi umachokera, amaiyang'anira ndi a Department of Forestry. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha Kummwera mu Marichi 2023, tidamva kwambiri za nthambi ya zanyengo ndiponso nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti DoDMA. Chilembo D choyambirira m'dzina limeneli chikuimira liwu lathu lomweli. Maina a maunduna amasinthasintha, koma nthambi zotere zimakhalitsa, chifukwa ntchito yake siitha.

M'masiku a atsamunda, likulu la dziko lili ku Zomba, ntchito za boma zinkayendetsedwa ndi madipatimenti. Zipatala zidali pansi pa Medical Department. Nthambi ya maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, ndipo mu 1929 padatsekulidwa sukulu ya Jeanes pa Domasi pompano, kumene aphunzitsi ndi akazi awo, ngakhalenso mafumu, ankaphunzira za ukhondo wa pamudzi ndi kasamalidwe ka ana. Maunduna otsogozedwa ndi Amalawi adadza pambuyo pa chisankho cha 1961. Kotero liwuli si lachilendo m'chigwa chino. Lidafika agogo athu ali anyamata.

M'maiko ena liwuli limalemera kuposa kuno. Abale athu amene ali ku South Africa amadziwa Department of Home Affairs, kumene amakatenga zikalata zokhalira m'dzikomo. Kumeneko, monganso ku America, dipatimenti yotere ndi yaikulu ngati unduna wathunthu wa kuno kwathu.

Onaninso kamangidwe ka maina amenewa. Nthawi zina liwuli limatsogola, monga Department of Fisheries; nthawi zina limatsala kumbuyo, monga Dental Department. Tanthauzo silisintha. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi liwu linalo limene latsagana nalo, pakuti ndilo likukuuzani ntchito imene ikuchitika m'nyumbamo.

Makomo a m'chipatala

Khomo loyamba kwa odwala ambiri ndi la OPD. Zilembo zitatuzi zikuimira mawu oti Out-Patient Department, ndiye kuti nthambi ya odwala oyendera, amene amapimidwa, kulandira mankhwala ndi kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Anthu ambiri akhala akunena kuti "ndikupita ku OPD" kwa zaka zambiri osadziwa kuti akutchula liwu limene tikuphunzirali. Amene matenda awo ndi aakulu ndiwo amagonekedwa m'mawodi.

Apa tisiyanitse dipatimenti ndi wodi, chifukwa ambiri amaziphatikiza. Wodi ndi chipinda chimene muli mabedi a odwala. Dipatimenti ndi gulu lonse la madokotala, anamwino ndi antchito ena osamalira mtundu umodzi wa matenda, ndipo ikhoza kukhala ndi mawodi awiri kapena atatu, pamodzi ndi masiku ake oonera odwala oyendera. Motero mukapita kukazonda m'bale wanu, funsani dzina la wodi. Koma mukapita ndi kalata yochokera ku Domasi, funsani dzina la dipatimenti.

Chikwangwani choti Paediatric chikunena za ana. Choti Surgical chikunena za matenda ofunika opaleshoni. Mawu aataliatali oti Obstetrics and Gynaecology asakuopseni. Akungonena za uchembere ndi matenda a amayi. Dental ndi ya mano, Eye ndi ya maso, Orthopaedic ndi ya mafupa, pamene Physiotherapy ndi kumene amaphunzitsa mafizo kwa munthu amene adafa ziwalo kapena amene fupa lake langolumikizana kumene.

Pali chikwangwani chimodzi chimene chimasocheretsa ngakhale anthu amene adapita kusukulu, ndicho Medical Department. Poona liwu loti medical, munthu amaganiza za mankhwala, nakaima pakhomopo kudikira mapiritsi. Kumeneku si kolandirira mankhwala ayi. Ndi nthambi yosamalira akuluakulu odwala matenda osalira mpeni, monga shuga, kuthamanga kwa magazi, chibayo ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala amalandirira pamene alemba kuti Pharmacy.

Palinso nthambi zina zimene ntchito yake ndi kuthandiza zinzake kupeza nthenda. Ku Laboratory amayeza magazi, makhololo, mkodzo ndi chimbudzi. Ku X-ray, kumene pena amalemba kuti Radiology, amajambula m'kati mwa thupi. Antchito a kumeneko salemba mankhwala. Zotsatira zikatuluka muyenera kubwerera nazo kwa dokotala amene adakutumizani, kuti iye aziwerenge ndi kuona chochita. Alipo ena amene amati akajambulidwa, basi achiritsidwa, nanyamuka ulendo wa kumudzi chithunzi chili m'manja. Kujambula sikuchiza, ndi diso chabe loonera nthenda.

Kutumizidwa kwina si kupirikitsidwa

Tiyeni tsopano tione chimene chimapweteka mitima ya odwala ambiri. Mayi wadzuka m'bandakucha kwawo kufupi ndi Songani, walipira basi, wakhala pa mzere, ndipo nthawi yake itakwana akumuuza kuti, "Mayi, pitani ku dipatimenti ya mano." Kwa munthu wozolowera chipatala chaching'ono, kumene dokotala mmodzi amaona mwana, nkhalamba ndi wachilonda m'chipinda chimodzi, mawu otere amamveka ngati kumukana. Ena amakwiya, nabwerera kwawo kukagula mapiritsi pagolosale, ndipo nthenda imapitirira kukula.

Kunena zoona, kutumizidwa ku nthambi ina n'chizindikiro chakuti vuto lanu lazindikirika, ndipo akukulozerani kwa amene adaphunzira mozama za vutolo. Mutu umodzi susenza denga. Dokotala wa maso ali ndi zipangizo zimene wa mafupa alibe, ndipo wa mafupa sangazule dzino bwino monga mwini ntchito. Ndi chifukwa chake chipatala chachikulu chidagawidwa m'nthambi. Komabe antchito a chipatala nawonso ali ndi mbali yawo. M'Chingerezi muli mawu oti "That is not my department," kutanthauza kuti "imeneyo si ntchito yanga." Mawuwa ndi oona nthawi zina, koma ndi osakwanira. Wantchito wabwino akanena kuti si pano, amanenanso kumene wodwalayo ayenera kupita, ndipo akaona kuti ndi wofooka amapeza womuperekeza. Inunso muli ndi ufulu wofunsa m'chiyankhulo chanu. Safunsa adadya phula. Nenani kuti, "Chonde tandilozerani njira," ndipo ngati simunamve bwino pemphani kuti akulembereni dzina la dipatimentiyo m'buku lanu la kuchipatala, kuti muzionetsa kwa aliyense wovala yunifolomu amene mwakumana naye m'njira.

Khomo la matenda osadikira

Pa nthambi zonse, imene aliyense ayenera kuloweza dzina lake pamtima ndi ya matenda adzidzidzi. Pachikwangwani amalemba kuti Casualty, kapena Emergency, kapena Accident and Emergency. Kumeneku ndiko kopita ndi munthu wovulala pa ngozi ya galimoto kapena njinga yamoto, wopsa ndi moto, wolumidwa ndi njoka, kapena womwa mankhwala ophera tizilombo. Munthu wotere sakhala pa mzere wa OPD kudikira kuti amene adalawirira athe.

Ana ndiwo amafunika changu choposa. Mwana amene akukomoka, amene akulephera kuyamwa kapena kumwa, amene akusanza chilichonse, amene akupuma movutika, kapena amene wangoti lefu osatsitsimuka, asadikire pa mzere ngakhale pang'ono. Pitani naye kutsogolo, muuze namwino zimene mwaona. Amene ali pa mzerewo asadandaule. Mawa adzakhala mwana wawo. Chimodzimodzinso mayi woyembekezera amene akutaya magazi, amene wakomoka, kapena amene mutu ukumupweteka kwambiri ndipo sakuona bwino, apite msanga ku matenite.

Kuti muone kufunika kwa khomo limeneli, imvani zimene zidachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 2001 nthambi ya ana idakonzanso kalandiridwe ka odwala. Adatsekula malo a matenda adzidzidzi, naphunzitsa antchito kusankha ana odwalitsitsa akangofika pakhomo, kuti athandizidwe poyamba. Zisanachitike zimenezi, pa ana 100 alionse ogonekedwa, 10 mpaka 18 ankamwalira. Zitachitika, chiwerengerocho chidatsika kufika pa 6 mpaka 8. Njira yosankhira ana odwalitsitsa imeneyi idafalikira m'zipatala zina za m'dziko muno ndi m'maiko ena, ndipo bungwe la WHO lidatulutsa maphunziro ake mu 2005.

Musananyamuke

Tsono pamene akukulemberani kalata ku Domasi kapena pa chipatala china chaching'ono, musatuluke m'chipindamo musanafunse dzina la dipatimenti imene akukutumizaniko ndi tsiku limene muyenera kukafika. Nthambi zina zimaona odwala oyendera pa masiku oikika okha, ndipo wopita tsiku lolakwika amataya ndalama za basi pachabe. Ngati simudziwa kuwerenga, pemphani mwana wa sukulu kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti akuwerengereni mawuwo mpaka muwaloweze. Kalata yotumizira ndi buku la kuchipatala zikulungeni m'pepala la pulasitiki kuti zisanyowe, ndipo mutengenso mankhwala onse amene mukumwa, kuti dokotala wa ku Zomba akaone amene mudalandira kale.