Mafunso ndi Mayankho a Basketball: Kodi Clippers Inadyeredwa Masuku Pamutu pa Paul George?

MUULUTSI: Makalata a sabata ino achuluka a ligi ya NBA ya ku America, ndipo ambiri akufunsa za kusinthana osewera kumene kunachitika mu Julayi 2019 pakati pa Los Angeles Clippers ndi Oklahoma City Thunder. Akochi athu afika kale.



Kalata yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Chilomoni. Akuti: "Ife tinazolowera mpira wamiyendo, woti timu ikafuna wosewera imalipira ndalama ku timu yake. Nanga zosinthana anthuzi zimayenda bwanji?"

KATSWIRI: Bambo, ku NBA simungafike ndi chikwama cha ndalama n'kunena kuti ndipatseni uyo. Timu ikafuna wosewera amene ali ndi kontirakiti kwina, imapereka osewera ake, kapena mipata ya draft, kapena zonse pamodzi. Kontirakiti imasamuka naye wosewerayo mmene ilili, ndipo ambiri mwa iwo alibe mphamvu yokana. Amangomva pa foni kuti longedza.

Draft ndi mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu 30 a ligiyi amasankhirapo anyamata atsopano. Matimu amene achita zofooka ndi amene amakhala ndi mwayi wosankha koyambirira. Choncho mpata wa draft wa zaka zikubwerazo ndi katundu, umagulitsika.

Palinso lamulo la malipiro. Timu ikadutsa malire a ndalama zolipira osewera, malipiro a amene akulowa ayenera kuyandikana ndi a amene akutuluka. Paul George ankalandira pafupifupi madola 33 miliyoni pachaka. Shai Gilgeous-Alexander, pokhala wongoyamba, ankalandira pafupifupi 4 miliyoni. Masamu sakanatheka popanda Danilo Gallinari wa ku Italy, amene ankalandira oposa 22 miliyoni. Gallinari anali wosewera wabwino ndithu, koma anakwera ndege ija makamaka chifukwa cha malipiro ake.

MUULUTSI: Ndiye kwenikweni anapatsana chiyani?

KATSWIRI: Clippers inatenga munthu mmodzi, George. Thunder inatenga Shai, Gallinari, ndi mipata isanu ya ndime yoyamba ya draft: itatu ya Clippers yeniyeni ya 2022, 2024 ndi 2026, iwiri ya Miami Heat imene Clippers inali nayo. Anawonjezeranso ufulu wosinthana malo pa draft ya 2023 ndi ya 2025 ngati Thunder itaona kuti malo a Clippers ndi abwino. Zaka zikudumphadumpha choncho chifukwa ligi imaletsa kugulitsa mipata ya ndime yoyamba ya zaka ziwiri zotsatizana. Lamuloli limatchedwa dzina la Ted Stepien, mwini wa Cleveland Cavaliers kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amene ankamwaza mipata mpaka ligi inachita kumugwira dzanja.

MUULUTSI: Apa pali kalata ya mnyamata wa ku Kawale, ndipo wakwiya. Akuti: "Mabwana a Clippers anali atagona? Anapereka Shai, amene mu 2025 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi, pofuna munthu amene sanawabweretsere chikho. Si uchitsiru umenewu?"

KATSWIRI: Mphwanga, ukuweruza mlandu wa 2019 ndi umboni wa 2025. Tiye tibwerere ku sabata imene ija. Shai anali atasewera sizoni imodzi yokha, akuponya mapointi osakwana 11 pa gemu. Anasankhidwa pa nambala 11 pa draft ya 2018. Aliyense ankaona kuti mwanayo ali ndi tsogolo, manja ataliatali, mutu wozizira, koma amene angandiuze lero kuti ankadziwa zoti adzaponya mapointi 32.7 pa gemu ndikana. George anali atangomaliza sizoni yabwino koposa pa moyo wake: mapointi 28 pa gemu, wachitatu pa mavoti a wosewera wopambana, komanso mmodzi wa otchinga oopsa mu ligi yonse.

Koma nkhani yeniyeni inali Kawhi Leonard. Iyeyu anali atangotenga chikho ndi Toronto Raptors mu Juni, kontirakiti yake itatha, ndipo Los Angeles Lakers, imene inali kale ndi LeBron James ndi Anthony Davis, inkamufunanso. Leonard ankafuna kusewera ndi katswiri mnzake. Ndiye Clippers sinkagula munthu mmodzi, inkagula awiri, uku ikuopa kuti ikazengereza Leonard akavala yunifolomu ya anansi awo amene ankasewera nawo m'bwalo limodzi la Staples Center. Kumbukira kuti Clippers inali isanafikepo ngakhale mu ndime yomaliza ya chigawo cha kumadzulo chiyambire. Sam Presti, bwana wa Thunder, anadziwa kuti anzakewo apanikizika, ndipo anawafinya mpaka dontho lomaliza. Ine ndikanakhala pampando wa Steve Ballmer, mwini Clippers, ndikanavomera kutenga George.

MUULUTSI: Ndiye mukuti sanalakwe kalikonse?

KATSWIRI: Ayi, analakwa, koma osati pamene mnyamatayu akuloza. Cholakwa chawo chinkaoneka tsiku lomwelo, sichinafune zaka zisanu ndi chimodzi kuti chidziwike. Mipata itatu yawo ija anaipereka yopanda chitetezo. Mpata wotetezedwa ndi uja mumagwirizana kuti ukagwera pamwamba, tinene pakati pa khumi oyambirira, mwini wake aubweza. Clippers sinaike mawu amenewo, kutanthauza kuti inalumbira kuti ikhala timu yamphamvu mpaka 2026.

Inalumbira podalira ndani? George anali ndi zaka 29, atangochitidwa opaleshoni mapewa onse awiri, ndipo anaphonya magemu 11 oyambirira a sizoniyo. Anali atathyokapo mwendo mu 2014. Leonard anasewera magemu 9 okha mu sizoni ya 2017-18 ku San Antonio, ndipo ku Toronto ankachita kumupumitsa, anasewera 60 mwa 82. Kuwonjezera apo, onse awiri anali ndi ufulu wochoka mu 2021. Zaka ziwiri zotsimikizika, ngongole ya zaka zisanu ndi ziwiri. Zili ngati mlimi wotenga feteleza wa chaka chino polonjeza zokolola za zaka zitatu, mitambo akuiona yekha kuti njokayikitsa.

Ndipo zinachitikadi. Leonard anavulala bondo mu Juni 2021 akusewera ndi Utah Jazz, sizoni yotsatira sanaponde m'bwalo n'komwe. Clippers inalephera kulowa mu ndime yachipulula mu 2022, mpata wake unagwera pa nambala 12, Thunder n'kusankha Jalen Williams. Williams yemweyo ndi amene anaponya mapointi 40 mu gemu yachisanu ya fainolo ya 2025 polimbana ndi Indiana Pacers. Za Shai palibe akanalosera, koma zoti anthu awiri ovulalavulala adzavulalanso, ngakhale mwana akanakuuzani.

MUULUTSI: Mayi ena a ku Chipata afunsa mwachidule: "Kodi Clippers inapezapo chiyani?"

KATSWIRI: Inapezapo, mayi, ngakhale sichinali chimene inalipirira. Mu 2020, mpikisano ukuchitikira ku Orlando chifukwa cha Covid-19, inatsogola magemu atatu kwa imodzi pa Denver Nuggets, n'kugonja atatu otsatizana. Manyazi amene aja anachotsetsa ntchito mphunzitsi Doc Rivers. Mu 2021, pansi pa Tyronn Lue, inafika mu ndime yomaliza ya kumadzulo koyamba m'mbiri yake, George atasenza timu Leonard ali panja. Anaponya 41 mu gemu yachisanu ku Phoenix, koma Suns inapambana magemu anayi kwa awiri. Anthu amamunyoza George mopyola muyeso, mwezi umene uja anasewera ngati mwamuna. M'masizoni asanu a awiriwa, timuyi inadutsa ndime zachipulula zitatu zokha. Kenako mu 2024 George anapita ku Philadelphia 76ers kontirakiti itatha, Clippers osalandirapo kanthu, ngongole ya mipata ija isanathe.

MUULUTSI: Kalata iyi yachokera ku Johannesburg. Achimwene athuwa akuti: "Mukatero ndiye kuti timu isamapereke tsogolo lake pofuna katswiri mmodzi?"

KATSWIRI: Sindinatero, achimwene. Chilimwe chomwecho cha 2019, Lakers inapereka Brandon Ingram, Lonzo Ball, Josh Hart ndi mipata itatu ku New Orleans Pelicans kuti itenge Anthony Davis. Mu 2020 inatenga chikho, ndipo palibe wochemerera Lakers amene amalira mipata imene ija. Davis anali ndi zaka 26. Mbali inayi kuli Brooklyn Nets, imene mu 2013 inapereka mipata yake ku Boston Celtics pofuna Kevin Garnett ndi Paul Pierce, onse atadutsa zaka 35. Mipata imeneyo ndi imene inabala Jaylen Brown ndi Jayson Tatum, amene anapatsa Boston chikho mu 2024. Ine ndikamva za kusinthana kulikonse, ndimayamba ndafunsa zaka za wobwerayo, mbiri ya mawondo ake, ndi zaka zimene zatsala pa kontirakiti. Ndikatero ndimaona chaka chimene mpata womaliza udzaperekedwe. Ngati chakacho chili kutali kuposa pamene miyendo ya munthuyo ingafike, wogula wadziika m'mavuto.

MUULUTSI: Yomaliza, nthawi yatithera. Mtsikana wa ku Mzuzu, amene akuti amasewera basketball pasukulu pake, akufunsa ngati Thunder sinangochita mwayi.

KATSWIRI: Mwayi unalipo, mwana wanga, koma mwayi suponya mpira m'nkhata. Patangopita masiku ochepa George atachoka, Presti anatumiza Russell Westbrook, wokondedwa wa mzinda wonse, ku Houston Rockets, n'kutenga Chris Paul ndi mipata ina. Shai anaphunzira chaka chathunthu pambali pa Paul, mmodzi wa ogawa mpira anzeru kwambiri amene ligiyi inaonapo. Paul atachoka anamupatsa Shai mpira kuti timu ndi yako, n'kupirira masizoni awiri owawa: anapambana magemu 22 okha, kenako 24. Kugonja kwa sizoni yachiwiriyo kunawapatsa nambala 2 pa draft ya 2022, ndipo anasankha Chet Holmgren usiku womwe anasankha Williams. Matimu ambiri akanatopa panjira n'kugulitsa mipata ija pofuna dzina lalikulu lotonthoza ochemerera. Mu sizoni ya 2024-25 anapambana magemu 68 mwa 82, n'kugonjetsa Indiana pa gemu yachisanu ndi chiwiri ya fainolo. Chinali chikho choyamba chisamukire timuyi ku Oklahoma City kuchoka ku Seattle mu 2008. Iwe pitiriza kusewera, ndipo uziphunzira kuponya ndi dzanja lamanzerenso.

MUULUTSI: Amene makalata anu sanawerengedwe musadandaule, tili nawo, tiyamba ndi amenewo sabata yamawa.