PHUNZIRO 14: KUGULA GALIMOTO YAKALE CHIFUKWA CHA INJINI YAKE

Anzanga ophunzira, lero tiwerenga za galimoto yakufa imene ili ndi injini yamoyo. Werengani pang'onopang'ono. Mukafika pa nambala, imani, muitchule mokweza.

Kuno ku Ulongwe timalima chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato. Kulima timakudziwa. Chimene chimativuta ndi kunyamula. Mzinda wa Tete uli pa mtunda wopitirira makilomita 200 kuchokera kuno. Tomato sadikira munthu. Galimoto ikafa nthawi yokolola, ndiye kuti thukuta la chaka chonse liolera m'madengu.

Izi zidachitikira gulu lina la alimi. Ena a iwo amaphunzira m'kalasi mwathu. Gululo lili ndi pikapu yakale ya Toyota Hilux, yoyendera dizilo. Tsiku lina pochokera ku Tete, paipi ya madzi idaphulika pa chitunda. Woyendetsa sadayang'ane singano ya kutentha. Adangopondabe mafuta mpaka injini idaima yokha.

Amakaniko atatsegula adapukusa mutu. Adati: "Hedi yang'aluka. Mapisitoni agwira. Kukonza injini iyi n'kutaya ndalama. Koma thupi la galimoto yanu ndi lolimba. Funani galimoto ina yakale, yotsika mtengo, ya injini yonga iyi. Tichotse injiniyo, tiike muno."

Nzeru imeneyi si yatsopano. Akuluakulu amakumbukira zaka za nkhondo, imene idatha mu 1992. Zitsulo zatsopano sizinkapezeka, ndipo amakaniko ankaphwasula makina awiri kuti amodzi ayende.

Injini ya dizilo imagwira ntchito bwanji?

Tisanapite kukagula, tidziwe chimene tikugula. Injini iyi idatenga dzina la Rudolf Diesel, munthu wa ku Germany, amene injini yake idayamba kugwira ntchito bwino mu 1897.

Kodi mudapopapo njinga? Mukapopa mwamphamvu, pampu imatentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Injini ya dizilo imachita chimodzimodzi. Pisitoni imakwera ndi kupanikiza mpweya kufikira utachepa pafupifupi ka 20. Mpweyawo umatentha kwambiri. Pamenepo dizilo amafayiridwa m'kati, nayaka yekha. Injini ya petulo imafuna mapulagi othetheka moto. Ya dizilo siiwafuna. Injini zakale za mtundu uwu zili ndi mahita okha, amene amatenthetsa m'kati nthawi yoliza m'mawa.

Tsono mvetsani apa. Mphamvu yonse ya injini ya dizilo ili pa kupanikiza mpweya. Injini ikakalamba, maring'i a pisitoni amatha, mpweya nkumathawira m'mbali. Ikakhala yotentha imatha kulirabe bwino, nkukupusitsani. Ikakhala yozizira imaulula matenda ake onse. Ife a ku Angónia tili ndi mwayi pa chimenechi. Dziko lathu ndi lokwera, ndipo m'mawa wa June ndi July kumazizira kwambiri. Chisanu chimene timadandaula nacho chija ndicho chimayesa injini mwaulere.

Galimoto yoyamba

Gulu lidatuma anthu atatu: wapampando, mayi wosunga chuma ndi amakaniko. Adamva za pikapu ina yogulitsa. Adafika dzuwa lili pamutu. Galimotoyo inali yopakidwa utoto watsopano, matayala otsukidwa, wailesi ikulira. Mwini wake adangokhudza kiyi, injini nkulira pomwepo. Wapampando adakondwa. Adayamba kale kukamba za mtengo.

Mayi wosunga chuma sadziwa za injini, koma amadziwa za mphika. Adaika dzanja pa boneti, nafunsa: "Bambo, nanga chitsulochi chafunda chonchi, mudaiyendetsa m'mawa uno?"

Mwini galimoto adati: "Iyayi mayi, ndi dzuwa limeneli."

Mayiwo adati: "Chabwino bambo. Tibwera mawa tambala akamalira, dzuwa lisanatuluke. Musailize ife tisanafike."

M'mawa mwake adafika mame akadali pa udzu. Amakaniko adayamba akhudza injini kuti aone ngati ili yozizira. Kenaka kiyi idatembenuzidwa. Injini idakoka, idakoka, batire mpaka kufooka. Italira, idatulutsa utsi woyera wosatha. Amakaniko adaizimitsa, nasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyiloyo anali ngati tiyi wamkaka. Madzi adalowa mu oyilo. Matenda ake anali omwewo amene adapha injini ya gulu lija. Akadagula dzulo lake, akadakhala ndi mitembo iwiri pabwalo.

Ine ndikaganiza za mayiwo ndimaona kuti funso lawo lidaposa sipanala.

Zimene amakaniko amayang'ana

Utsi uli ndi mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse ukunena kanthu.

Utsi wakuda ukunena kuti dizilo wachuluka kapena mpweya wachepa. Kawirikawiri vuto limakhala sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi, kapena timipopi tofayira dizilo. Izi zimakonzeka. Ndiponso galimoto yakale yolemedwa ikamakwera zitunda zathu zino, kautsi kakuda pang'ono sikodabwitsa.

Utsi wobiriwira ngati thambo ukunena kuti injini ikuotcha oyilo. Apa chenjerani, chifukwa maring'i angakhale atatha.

Utsi woyera pang'ono poliza m'mawa si vuto, ngati utha msanga. Koma ukapitirira injini itatentha kale, ndiye kuti dizilo sakupsa bwino, kapena madzi akulowa momwe sayenera kulowa.

Injini ili kulira, amakaniko amatsegula chitsekerero cha pothirira oyilo. Kampweya pang'ono kamatuluka m'injini iliyonse. Koma pakamatuluka utsi wa phuu phuu phuu, ngati mphika wa nyemba ukuwira, injiniyo yatha m'kati.

Amayang'ananso m'redieta. Amatsegula injini ikadali yozizira, kenaka nkuiliza. Madzi akamatuluka thovu losalekeza, ndiye kuti gasiketi yapsa kapena hedi yang'aluka. Musatsegule redieta ya injini yotentha. Madzi ake amathovoka nkuwaula nkhope.

Kanyali kofiira ka oyilo kayenera kuzima injini ikangolira. Ndipo tcherani khutu. Dizilo iliyonse imalira mokhokhocha, koma kugogoda kolemera kochokera pansi, konga munthu akusinja mu mtondo, ndi chizindikiro choipa.

Mwini galimoto akakana kuti muilize, nati "khulupirirani mau anga," mugule pa mtengo wa zitsulo zakutha, kapena mungochokapo.

Galimoto yachiwiri

Patapita masabata awiri adamva za minibasi, imene timaitcha chapa, ya Toyota Hiace. Idagubuduka pa ngozi. Denga lidaphwanyika, magalasi onse adasweka. Idaima pansi pa mtengo miyezi ingapo, nkhuku zikuikira mazira pa mipando. Wapampando ataiona adafuna kubwerera. Amakaniko adati: "Akulu, sitikugula denga."

Koma kodi injini ya minibasi ingalowe m'pikapu? Apa ndi pamene kuwerenga kudagwira ntchito. Injini iliyonse ili ndi dzina, lolembedwa ndi nambala ndi lemba. Pa Hilux ndi Hiace zakale za dizilo mumapezeka maina awa: 2L, 3L ndi 5L. Ya 2L ndi ya malita 2.4. Ya 3L ndi ya malita 2.8. Ya 5L ndi ya malita 3.0. Onani kuti dzina silikunena kukula: 3L si ya malita atatu ayi. Dzinali limadindidwa pa chitsulo cha injini, pamodzi ndi nambala yake yaitali. Mayi wosunga chuma adali atakopera m'kope mwawo dzina la injini yakufa ija: 3L. Amakaniko adapukuta chitsulo cha minibasi ndi kansanza, mayiwo nkuwerenga okha: 3L.

Popeza galimotoyo idaima nthawi yaitali, amakaniko sadafulumire kuiliza. Adayamba ayang'ana oyilo ndi madzi. Adazungulitsa injini ndi sipanala kuti amve ngati siidagwire. Adafunsanso ngati injini idapitirira kulira galimoto ili chagada, pakuti ikatero oyilo safika m'malo ake. Adabwereka batire, nathira dizilo watsopano. Adayatsa mahita, nadikira. Injini idalira pa ulendo wachiwiri. Kautsi koyera kadatuluka, nkutha. Nkhuku zidabalalika.

Mapepala

Injini yabwino yopanda mapepala ndi mlandu. Galimoto zina zotsika mtengo kwambiri zimakhala zakuba. Zina zidalowa kuchokera ku Malawi kapena kwina mosadzera ku kasitomu, monga ya pa chipata cha Calomue. Apolisi akapeza injini yakuba m'galimoto yanu, galimotoyo igwidwa, ndipo inu mudzayankha.

Chotero pemphani mapepala awiri. Loyamba ndi livrete, limene limafotokoza galimotoyo. Lachiwiri ndi título de propriedade, limene limatchula mwini wake. Yerekezani nambala ya injini ndi ya chasisi zolembedwa pa pepala ndi zimene zadindidwa pa chitsulo. Werengani imodziimodzi, wina akutchula, wina akuloza ndi chala. Samalani 3 ndi 8, ndiponso 1 ndi 7, pakuti zimafanana pa chitsulo chadzimbiri. Mukaona kuti pamalo pa nambala padapalidwa kapena kuotcheredwa, musagule.

Yerekezaninso dzina la pa pepala ndi la pa chitupa cha wogulitsa. Pa minibasi ija maina adasiyana. Mwini wake weniweni adamwalira, ndipo wogulitsa anali mng'ono wake. Gulu lidakana kupereka ndalama kufikira mayi wamasiye ndi ana aakulu atabwera. Adakhala pansi pamaso pa amfumu. Adalemba kalata ya mgwirizano: tsiku, maina, nambala ya injini, mtengo, ndi mboni ziwiri. Mayi wosunga chuma adasaina ndi cholembera. Chaka chapitacho ankadinda chala.

Injini ikasinthidwa, nambala ya pa livrete ya galimoto yanu sigwirizananso ndi ya pa chitsulo. Tengani kalata ya mgwirizano ija ndi mapepala onse, mupite ku INATRO, ofesi ya boma yoona za magalimoto, kuti akakuuzeni njira yolembetsera injini yatsopanoyo.

Pamene gulu lidalakwitsa

Ndisakunamizeni kuti zonse zidayenda bwino. Gulu lidasonkha ndalama za mtengo wa minibasi basi. Lidaiwala kuti galimoto yakufa siyenda yokha. Padafunika thalakitala yoikoka. Injini itatsitsidwa, amakaniko adapeza kuti zitsulo zina za kunja, monga zomangira injini ndi beseni la oyilo la pansi, sizikufanana ndi za pikapu. Mwamwayi injini yakufa ija adali asanaigulitse, ndipo adachotsa zimenezo nkuika pa yatsopano. Musataye injini yakale ntchito isanathe.

Amakaniko adaumiriranso kuti agule lamba watsopano wa taimingi. Pa injini izi lambayu amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo palibe amene ankadziwa kuti wa m'minibasi adayenda mtunda wotani. Lamba ameneyu akaduka injini ili kulira, mapisitoni amagunda mavavu. Anthu adang'ung'udza, koma adasonkhanso. Pikapu idachedwa masabata atatu, ndipo kabichi wina adagulitsidwa motchipa pa msika wa pano pomwe.

Paipi za madzi adasintha zonse. Woyendetsa tsopano amayang'ana singano ya kutentha pa chitunda chilichonse. Oyilo wakuda wotsala adamusunga m'chigubu. Musamuthire m'dimba kapena mu mtsinje, pakuti amaononga nthaka ndi madzi.

Mau atsopano

Lembani m'kope mwanu, liu lililonse katatu: injini, dizilo, pisitoni, redieta, utsi, livrete, mgwirizano, mboni.

Tiwerengere

Manambala awa ndi ophunzirira chabe. Mitengo yeniyeni mukafunse nokha.

Galimoto yakale: 85,000 MT
Kuikoka: 6,000 MT
Amakaniko: 15,000 MT
Lamba, oyilo, masefa ndi mapaipi: 14,000 MT

1. Zonse pamodzi ndi ndalama zingati?
2. Gulu lagulitsa matayala 4 pa 1,500 MT lililonse, giyabokosi pa 18,000 MT, mipando ndi zitsulo zotsala pa 9,000 MT. Lapeza zingati?
3. Chotsani yankho lachiwiri pa loyamba. Injiniyo yadya ndalama zingati?
4. M'gulu muli anthu 29. Aliyense apereka zingati?

Tikambirane

1. N'chifukwa chiyani mayi wosunga chuma adati abwerenso m'mawa?
2. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka akunena chiyani?
3. Mwini galimoto adamwalira, ndipo m'bale wake akugulitsa. Ndani ayenera kupezeka pa mgwirizano?
4. Wogulitsa akuti mapepala adatayika, koma watsitsa mtengo ndi theka. Gulu lanu lingachite chiyani? Aliyense anene maganizo ake, amayi ndi abambo omwe.

Ntchito ya kunyumba

Pitani ku chigayo cha dizilo kapena kwa munthu amene ali ndi galimoto, thalakitala kapena pampu yothirira m'dimba. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni pamene padadindidwa nambala ya injini, makinawo ali ozima. Ikopereni m'kope mwanu. Mubwere nayo Lachinayi, tidzawerenge pamodzi pa bolodi.