PHUNZIRO 6: MSIPU NDI KHOLA LA ABULU M'CHILIMWE

Cholinga: Tidziwe kuti kusunga chakudya cha ziweto ndi kugwirizana za dambo ndi udindo wa mudzi wonse.

Abale ndi alongo, ku Mitundu ndi ku Nathenje ngolo zambiri zimakokedwa ndi abulu. Ndi iwo amatuta chimanga, njerwa ndi manyowa, amanyamulanso odwala. Koma tikakolola timangowatayirira kuti adzionere okha. Kuyambira Meyi mpaka Novembala mvula kulibe. Udzu umauma mu Juni ndi Julaye, ndipo pofika Okotobala bulu amakhala ataonda, pamene tikumufuna kuti atute feteleza ndi manyowa.

Njala imeneyi timaiyitana tokha. Mapesi timawatentha pososa ndi posaka mbewa. Bulu wanjala amathyola mpanda wa dimba la mnzathu, mlandu nkufika kwa amfumu. Wina akulipa chindapusa, wina wakhapa chiweto ndi chikwanje, pomwe onse ndi akhristu a Mphakati umodzi.

Tingachite chiyani?

1. Tisunge chakudya. Tikangokolola, titute mapesi, masangwi a mtedza ndi makoko a nyemba, tiike pa thandala la denga kuti chiswe ndi dzuwa zisawononge. Bulu wamkulu amadya makilogalamu 2 kapena 3 a zouma patsiku. Pa miyezi 5, bulu mmodzi afuna makilogalamu pafupifupi 400. Akagwira ntchito timuonjezere madeya pang'ono.

2. Tisamale zomwe akudya. Lukina ndi wabwino kwa ng'ombe ndi mbuzi, koma bulu akamudya kwambiri amathothoka ubweya. Majumbo otayidwa pamsika amatseka matumbo ndipo amapha.

3. Timupatse madzi. Masiku otentha bulu angamwe ndowa ya malita 20. Timwetse m'mawa ndi madzulo.

4. Tikonze khola. Ubweya wa bulu umalowa madzi, choncho khola likhale ndi denga ndi chotchinga mphepo ya mwera. Limangidwe pamalo okwera, chifukwa matope amaoletsa ziboda. Likhale lotakasuka kuti bulu aliyense agone ndi kutembenuka. Ndowe tizichotsa ndi kuunjika padera, ndiwo manyowa a m'munda.

5. Tigwirizane za dambo. Dambo si la munthu mmodzi. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, otsogozedwa ndi a gulupu, momwe mwa anthu 6 osankhidwa osachepera 3 ayenera kukhala amayi. Tili ndi ufulu wopempha amfumu ndi komiti kuti apatule malo odyetsera, njira yopita kumadzi, ndi tsiku lomasulira ziweto onse atakolola.

Chikhulupiriro chathu chikutiuza chiyani? Pa Eksodo 23:12 Mulungu akulamula kuti tsiku la kupuma likhalenso la ng'ombe ndi bulu. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, anatikumbutsa kuti zolengedwa tinapatsidwa kuti tizisamale. Wozunza bulu ndi njala akulakwira Mlengi, akudzisaukitsanso yekha.

Mafunso okambirana mu Mphakati

a) Kodi m'mudzi mwathu ndani amaika tsiku lomasulira ziweto? Amayi amafunsidwa?

b) Ndi milandu ingati ya madimba inaweruzidwa chilimwe chatha? Ikanapeweka bwanji?

c) Nanga banja lopanda ziweto lipindulanji likapereka mapesi kwa mwini abulu?

Chochita: Mphakati uliwonse usankhe anthu 2, bambo ndi mayi, akatule mfundo zathu kwa amfumu tisanayambe kukolola.